Anatsuka Nyimbo ya Atate

Nyimbo isanayambe kunkayamba kaye kuthetheka. Atate akatsitsa singano pa mbale yakuda ija ya galamafoni, m'nyumba munkamveka ngati amayi aponya kapenta m'mafuta owira, ndipo phokosolo silinkaleka mpaka mbale itafika kumapeto. Ng'oma, besi, mawu a woimba, zonse zinkatulukira mkati mwa kukazinga kumeneko. Ife tinkati ndi mmene rege imamvekera. Ndinakula ndikuganiza kuti ku Jamaika anthu amaimbira pafupi ndi khitchini.

Tinkakhala ku Kafue, m'nyumba za kampani zija zofanana mzere wonse, zoti munthu akaledzera ankagogoda kwa eni ake. Atate anga, a Lazaro Mbewe, anachoka ku Katete ali mnyamata kudzalowa ntchito pafakitale ya nsalu, kuchigawo chonika utoto. Zikhadabo zawo zinali zabuluu chaka chonse, ngakhale pa Khirisimasi. M'mawa sailini ikalira, msewu wonse unkadzaza njinga ndi maovolosi, ndipo mphepo ikachokera kufakitale ya feteleza inkabwera ndi kafungo kolasa m'mphuno kamene ife ana a ku Kafue sitinkakamva n'komwe. Ankakamva ndi alendo okha, n'kumatifunsa kuti timapuma bwanji.

Galamafoni inali pabalaza, pansi pa windo. Linali bokosi lalitali la thabwa, la miyendo inayi, ndipo amayi analilukira kansalu koyera kophimba pamwamba. Mwana kuikhudza unali mlandu waukulu kuposa kuba shuga. Mbale zina zinalipo, za rumba ndi za kwaya, koma ya pamtima pa atate inali imodzi, ya rege, imene anagula kwa munthu wina wa panjanji asanakwatire. Chikuto chake chinali chitatha kale pamene ankaigula, moti anaisokera kathumba ka nsalu yotsala ya kufakitale. Nkhope ya woimbayo sitinkaidziwa. Tinkangodziwa mawu ake, osasa, ochokera kutali.

Pa nyimbo yomaliza ya mbali yachiwiri panali malo amene ng'oma zonse zinkati zii, n'kutsala besi yokha ikugunda pansipansi. Pamenepo woimba uja ankanena liwu limodzi, momveka bwino, m'Chinyanja chathu chomwe: "Limba." Atate ankakhala atatsinzina kale, dzanja lili pachifuwa. Akamva ankagwedeza mutu ngati munthu amene walandira uthenga wa kumudzi. Ankanenetsa kuti munthuyo ndi wa kwathu, kuti makolo ake anagwidwa ukapolo cha kum'mawa kuno n'kuwolotsedwa nyanja, ndipo Chinyanja chonse chinatayika panjira kupatula liwu limodzi limeneli, limene agogo ankasiyira adzukulu. Ukawatsutsa sankakangana nawe, ankangobweza singano kuti umve wekha. Ndipo unkamvadi. Mzere wathu wonse unkawatchula kuti Ba Limba, iwo n'kumayankha mokondwa.

Chaka chimene ndinali mu giredi faifi zinthu zinatembenuka. Boma latsopano linatsegula zipata, katundu wa kunja n'kukhuthukira m'dziko. Pamsika panadzaza salaula, zovala zakale za kunja zimene munthu unkachita kufukula pamulu, zotchipa kuposa nsalu ya atate. M'mashopu mmene kale tinkafola tsiku lonse kuti tipeze sopo ndi saladi wophikira munadzaza maapulo ndi mabisiketi a mitundumitundu, ife n'kumangowerenga mayina ake pagalasi. Kenako kunabwera liwu lachilendo, kupuluna. Aphunzitsi anatiuza kuti ndi liwu la olima zipatso, kudulira nthambi kuti mtengo ubale bwino. Atate anali m'gulu la nthambi. Anafika panyumba masana dzuwa lili pamutu, ovolosi ili m'pulasitiki. Amayi anangowapatsa madzi akumwa.

Chilimwe cha chaka chimenecho chinali chankhanza. Masana malata ankathetheka okha, phula la pamsewu wa ku Lusaka n'kumagwira patapata. Mipope inkangotsokomola mpweya, ndiye tinkapita ndi zigubu kukapempha madzi kunyumba za panjanji. Kukada udzudzu wa kumtsinje unkabwera ngati waitanidwa. Sailini inkalirabe masiku ena, koma inkaitana anthu ochepa, ndipo ana a anthu ochepawo tinasiya kusewera nawo chifukwa ankabwera kusukulu ndi buledi wopaka.

M'mzere wathu amuna anayamba kugwa mmodzimmodzi. Sindikunena za matenda okha, ngakhale nawonso analipo ndipo mahema a maliro sankachoka m'misewu. Ndikunena za kugona. Munthu amene zaka zonse ankadzuka ndi sailini ankangoleka kudzuka. Ankatuluka dzuwa litakwera, wosasamba, n'kukakhala pansi pa mango kuyang'ana nkhuku. Kenako kachasu. Pakapita miyezi tinkamva kuti uje wafa ndi maganizo, akazi ake ndi ana akukweza katundu pa lole kubwerera kumudzi kumene anawo sanakuonepo. Amayi ankaopa tulo timeneti kuposa njala, ndipo ankanena poyera.

Atate ankadzukabe. Kusanache ankasamba, kumeta ndevu ndi lezala lobuntha, kuvala malaya ochapa, n'kuima pabalaza kumvera nyimbo yomaliza ija. Woimba akati limba, iwo ankavala chipewa n'kutuluka. Ankapita kukaima pazipata za mafakitale kudikira pisiweki, kaya kutsitsa matumba a feteleza, kaya kutchetcha udzu kunyumba za mabwana. Masiku ambiri ankabwerako manja lende, fumbi lili mpaka m'maondo, koma m'mawa mwake ankadzukanso. Amayi nawo anayamba kupita ku Chanyanya kukagula nsomba zouma kwa asodzi n'kumadzagulitsa pamsika. Ankabwera akununkha utsi, misana ya manja itakalika ndi minga. Tikamadya nshima ndi mitu ya nsomba imene yakanika kugulidwa, ankandiuza chapansipansi kuti, "Bola atate ako badzuka. Vina vonse tizaona."

Nyengo imeneyo ntchito yotsitsa singano atate anandipatsa ine. Ndinkanyada koopsa. Ndinkadzuka nawo limodzi, kupukuta mbale ndi kansanza kofewa, kupeza mzere wa nyimbo yomaliza, n'kutsitsa singano mpweya nditaugwira. Popeza ine sindinkatsinzina, ndinkaona kuti ikafika pa liwu lija singanoyo inkadumpha pang'ono, kamodzi kokha. Ndinkati nayonso ikusangalala.

Amene anabweretsa nkhani ya tepi anali amalume a Gibisoni, mlongo wa amayi wamng'ono. Anali atangobadwa mwatsopano kutchalitchi china chimene chinkasonkhana m'kalasi pasukulu pathu, ndipo ankavala tayi ya salaula ngakhale kutenthe bwanji. Ankagulitsa matepi pasiteshoni ya maminibasi. Pamwamba pa tebulo ankayala a nyimbo za Mulungu, pansi pake m'katoni munali a dziko, chifukwa m'mimba simubadwa mwatsopano. Ambiri mwa matepi awo anali gong'a, ojambulidwa kuseri kwa msika ku Lusaka, oti ukaimba kawiri woimba ayamba kulira ngati mbuzi. Lamulungu lina anafika kwathu thukuta lili kamukamu, n'kukhala pampando asanapatsidwe.

"Ba mulamu, ija nyimbo yanu baitulutsa futi," anatero. "Manje baitsuka."

Atate anafunsa kuti nyimbo amaitsuka bwanji. Amalume anafotokoza ndi manja kuti kunjako anatenga mawu enieni amene woimbayo anajambula kalelo, n'kuwalowetsa m'makina atsopano ochotsa litsiro lonse. Iwo anali ataiona ndi maso m'shopu ina ya mumzinda, ili m'pulasitiki yake. "Ni olijino, osati gong'a. Ilibe chongo, ilibe phokoso olo pang'ono. Muzamvela na kupuma kwake."

Atate anayang'ana galamafoni. Ine ndinkawadziwa, ndinaona kuti m'maso mwawo mwayaka kanthu kamene kanazima tsiku la ovolosi m'pulasitiki. Maganizo awo anali akuti, ngati m'matope onse aja munatuluka liwu limodzi la Chinyanja, nanga akatsuka mudzatuluka angati? Anali otsimikiza kuti pansi pa kukazinga kuja pabisala mawu ena a kwathu amene makutu akhala akuwaphonya zaka zonsezi. Mwina munthuyo amatchula phiri, mwina mtsinje, mwina mfunda wake. Anafika ponena, akuseka koma osaseka kwenikweni, kuti tisadzadabwe tikamva kuti ndi Mbewe mnzawo.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba mwathu nkhani inali imodzi, kugula kapena kusagula. Tepi yokhayo mtengo wake unali wa thumba la unga wa nshima, ndipo choimbira matepi tinalibe. Koma pamsika panali bambo wina amene analemera nyengo imeneyo ndi kugula katundu wa anthu opulunidwa, mipando, mafiriji, mabedi a ana. Iyeyo anavomera kutenga galamafoni ndi mbale zake zonse, n'kupereka wailesi ya kaseti yogwirapo kale ntchito ndi kena kapamwamba kokwanira tepi. A Sakala, mnzawo wa atate amene anapulunidwa nawo tsiku limodzi, munthu wa pakamwa posapuma, anati zonsezo ndi misala, nyimbo ndi imodzimodziyo, kaya yosamba kaya yosasamba, ndipo palibe anakhutapo nyimbo. Amalume anati dziko lapita patsogolo, masingano a galamafoni sapezekanso m'sitolo iliyonse, yathuyo ikatha ndiye kuti bokosilo lasanduka tebulo. Pamenepo sankanama. Singano yathu inali itatheratu, ndipo kukazinga kunkakulirakulira.

Amayi anakana kwamtuwagalu. Izi zinandidabwitsa ndipo zinandikwiyitsa. Munthu yemweyo amene anagulitsa makina ake osokera osagwetsa msozi, amene anagulitsa mapoto a ukwati wake, lero akukakamira bokosi limene ankadandaula tsiku lililonse kuti limasunga mphemvu! Ankati unga, atate n'kuti unga sukhudzidwa, ndi kusinthana chabe. Ankati bambo wa pamsikayo ndi fisi, atate n'kuvomera kuti ndi fisi, koma fisi ali ndi wailesi. Zifukwa zikawathera ankangoti sindifuna, n'kutuluka kukakolezera mbaula imene inali yoyaka kale. Ine ndinali mbali ya atate ndi mtima wonse. Ndinkaona kuti amayi ndi ouma mtima, munthu wapeza kanthu kamodzi komusangalatsa m'chaka chonse choipa, iwo n'kumamutsekereza.

Tsiku lina madzulo ndikutsuka ziwiya kuseri kwa nyumba, amayi anawakokera amalume pafupi ndi thandala la nsomba. Sanandithamangitse, mwina anaona kuti ndine mwana. Analankhula motsitsa mawu, akutembenuza nsomba imodziimodzi.

"Gibisoni, ija singano imalumpha pamene paja. Ine nili na menso. Ba mulamu bako bamamvela batseka menso, ndiye sibaona. Usababweretsele iyo tepi, nakupapata."

Amalume anaseka n'kukonza tayi. "Ba sisi, ni nyimbo chabe. Bazakondwela, muzaona."

Sanali munthu woipa. Anali mnyamata, ankawakonda alamu ake, ndipo ankafunanso kuti kamodzi m'moyo wake agulitse chinthu cha olijino. Ine mawu onsewo ndinawamva bwinobwino, koma sindinatolepo kanthu. Zoti singano imalumpha ndinkazidziwa kale, nanga vuto linali pati?

Anasinthanitsa katunduyo tsiku limene amayi anapita ku Chanyanya. Atate ndi a Sakala anakweza galamafoni pa wilibala, miyendo ili m'mwamba, mbale zili m'katoni pambali, ine ndikutsatira m'mbuyo ndi kansalu koyera kaja m'manja chifukwa sindinadziwe pokaika. Anthu a m'mzere ankasuzumira m'mawindo. Katundu wotuluka pa wilibala anali atazolowereka, koma uyu anali woyamba kutuluka mwini wake akuimba mluzu. Tinabwerako ndi wailesi yakuda ya sipika ziwiri, mlongoti wake womangidwa ndi waya. Amayi atafika anaima pakhomo la pabalaza, dengu lili pamutu, kuyang'ana pansi pa windo pamene panatsala malo osapakidwa polishi. Sanakalipe. Anatula dengu, n'kukhala pansi pomwepo osavula nsapato.

Masiku odikira tepi atate ankadzuka opanda nyimbo, ndipo ankadzuka mwamphamvu kuposa kale. Ankauza aliyense pazipata za mafakitale kuti Loweruka abwere adzamve okha. Amalume anakaitenga ku Lusaka pa minibasi, anaibweretsa ili m'thumba la malaya, dzanja lili pomwepo njira yonse. Inali yokongola, sindinganame. Pulasitiki yake inkanyezimira, ndipo kwa nthawi yoyamba tinaona nkhope ya woimbayo, munthu wowonda wa maso otopa. Atate anaiyang'ana n'kunena kuti chipumi chimenechi ndi cha kum'mawa, palibe kukayika.

Loweruka masana amuna a m'mzere anasonkhana pansi pa mango wathu, ena pa timipando, ena pa njerwa. Kunabwera ndi ena amene anali atasiya kale kusamba, ndipo kafungo ka kachasu kankamveka. Kunkatentha moti nyenje zinkalira ngati zalipidwa. Tinatulutsa wailesi pawindo ndi chingwe cha magetsi. Amayi anakhala pakhomo la khitchini atatifulatira, akusankha kapenta m'lichero. Atate anang'amba pulasitiki ndi chikhadabo chimene ubuluu wake unali utayamba kusuluka, n'kundipatsa tepi kuti ndiike ine.

Choyamba chimene chinatiopsa chinali bata. Ndinadina batani, osamveka kanthu, mpaka a Sakala anati mwagula mphepo. Kenako ng'oma inagunda, yoyera, ngati woimbayo wakhala nafe pa njerwa. Ndiyenera kunena zoona, chifukwa zaka zambiri ndinkakana kuzinena: inali yokoma. Kumbuyo kwa woimba kunali azimayi oyankha amene sitinawamvepo chiyambire. Munali piyano yolira mofatsa, munali kabelu, munali ndi pena pamene munthuyo ankakoka mpweya asanayambe mzere, monga ananenera amalume. Besi inkagwedeza madzi m'kapu. Amuna aja anayamba kugwedeza mitu, wina amene sanamwetulirepo chipulunidwire anaimirira n'kuvina pang'ono m'fumbi. Atate ankangoti, "Mwamvela? Mwamvela?"

Mbali yoyamba inatha popanda Chinyanja. Atate anatchera khutu pa sipika nyimbo iliyonse, nthawi zina ankakweza chala ngati agwira kanthu, kenako n'kuchitsitsa. Anati tisafulumire, za kwathu munthu amasungira kumapeto. Ndinatembenuza tepi. Mbali yachiwiri inayenda chimodzimodzi, Chingelezi chokhachokha, chomveka bwino kuposa cha aphunzitsi athu. Itayamba nyimbo yomaliza aliyense anakhala chete, ngakhale a Sakala. Ng'oma zinati zii. Besi inatsala yokha. Atate anatsinzina, dzanja pachifuwa.

Woimbayo anati, "Limemba." Ndipo sanalekere pomwepo. Anapitiriza mzere wathunthu umene m'nyumba mwathu sunamvekepo, n'kuutsekanso ndi liwu lomwelo, limemba, la Chingelezi lija lotanthauza kumbukira. Singano yathu zaka zonsezo inkatenga mutu wa liwu loyamba, kulumpha pakati ponse pamene mbale inakalika, n'kukatera pa mchira wa liwu lomaliza. Atate Chingelezi ankachimva, anagwira ntchito ndi makapitawo a kunja zaka zambiri, panalibe chofuna womasulira. Munthuyo ankauza mnzake kuti akumbukire masiku amene anali ndi pakhomo pake ndi chakudya cha ana ake, akumbukire, chifukwa masikuwo sadzabweranso.

Mnyamata wina kumbuyo anati, "Kansi ni limemba," wina n'kumugunda ndi chigongono. A Sakala, amene ndinkayembekeza kuti aphulika ndi chiseko, ankangoyang'ana zala za kumapazi kwawo. Atate anandiuza kuti ndibweze. Ndinabweza, anamveranso, ulendo uno maso ali otsegula. Nyimbo itatha batani linadzidumphira lokha, phokoso lake n'kutidzidzimutsa tonse.

"Baitsuka zoona," anatero atate. Anathokoza anthu chifukwa chobwera, mmodzimmodzi, mwaulemu ngati pamaliro, n'kulowa m'nyumba. Amayi sanatembenuke. Lichero linali pamiyendo pawo, koma manja anali ataleka kusankha.

Lolemba m'mawa amayi anawaikira madzi osamba monga mwa masiku onse. Madziwo anazizira m'beseni, nkhuku n'kuyamba kumwa. Lachiwiri chimodzimodzi. Amayi anasiya nsomba kwa mnzawo, anandigwira dzanja, tinapita kwa bambo wa pamsika uja. Galamafoni inali itapita kale ku Lusaka. Za mbale anaseka, anati zinthu zimenezo palibe amagula masiku ano, anapatsa ana kuti azisewera nazo. Tinawapeza anawo kuseri kwa shopu akuziponya m'mwamba kuona ya ndani ipita patali. M'ngalande munali zidutswa zakuda zambirimbiri. Amayi anatola chimodzi, anachitembenuza, n'kuchitayanso.

Atate anayamba kutuluka dzuwa litakwera, n'kukakhala pansi pa mango. Kachasu sanamwe, zimenezo ndiwaikire umboni. Ankangokhala. Ndevu zinamera, zoyera, ine sindinkadziwa kuti atate ali ndi imvi. Ukawapatsa nshima ankadya pang'ono n'kukankhira mbale kwa ine. Poyamba anthu odutsa ankawapatsabe moni kuti Ba Limba, ena kakumwetulira kali pakona pa mlomo, atate n'kumangokweza dzanja. Kenako anthu anachita manyazi n'kuyamba kuwatchula kuti Ba Mbewe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kuja. Amalume anabwera ndi anzawo a kutchalitchi kudzapemphera, anafuula mpaka mawu kusasa, atate atakhala pakati pawo mwaulemu kudikira kuti amalize. Amayi ankalira kubafa, akuthira madzi pansi kuti tisamve. Tinkamva.

Ine ndinali ndi nzeru zanga. Ndinaganiza kuti ngati singano inkatha kulumpha, chala changa chingathenso. Pa wailesiyo panali batani lothamangitsa tepi kutsogolo. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzitsekera kuchipinda, kutsitsa mawu, n'kumayeserera: woimba akangoti li, ndidine, ndisiye msanga, kuti atere pa mba. Poyamba ndinkapitirira mpaka ng'oma zitabwerera, kapena ndinkasiya msanga n'kugwera pakati pa masiku osabwerera aja. Ndinkabweza tepi ndi bolopeni kuti atate asamve kulira kwa makina. Ndinayeserera mpaka chala chinatupa, mpaka tepi inayamba kukwinyika pamalo amenewo, mpaka ndinkatha kuchita nditatsinzina.

M'mawa wina kusanatenthe ndinanyamula wailesi n'kukaiika pakhomo la chipinda chawo. Amayi anali atapita kale kukakwera galimoto ya ku Chanyanya. Atate anali atagona cham'mbali, nkhope ili kukhoma, msana uli mafupa okhaokha m'vesiti. Ndinaika madzi osamba panja, ndinabwera, ndinadina. Ng'oma zinati zii, besi inatsala yokha, ndipo chala changa sichinalakwe. Panamveka kakulira ka makina pakati, koma liwu linatuluka lathunthu. Limba.

Atate anatembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ine, anayang'ana chala changa pa batani, ndipo nkhope yawo inachita zinthu zimene sindinazionepo pa munthu wamkulu. Ndinkadikira kuti afunse chipewa.

"Wachita bwino, Dailesi," anatero. "Koma leka, mwana wanga. Ninamvela kudala vamene anakamba."

Anatembenukiranso kukhoma. Ndinakhala pamenepo mpaka nyimbo inatha, kenako ndinakataya madzi aja pa maluwa ouma a amayi n'kupita kusukulu.

Mvula yoyamba itagwa, fumbi la Kafue likununkhira ndiponso ana akuthamangitsa inswa, akulu awo a atate anabwera kuchokera ku Katete kudzawatenga kuti akapumeko mphepo ya kumudzi. Tinawaperekeza pasiteshoni ya maminibasi. Tebulo la amalume linali pomwepo, koma iwo anabisala kuseri kwa katoni yawo. Atate anakwera, anakhala pawindo, kondakitala akukuwa Lusaka, Lusaka, ndipo minibasi itanyamuka anakweza dzanja osayang'ana mbali yathu. Anamwalira chimanga chisanakhwime. Kuchipatala cha kumeneko sanawapeze ndi matenda oti n'kuwatchula dzina. Nyumba ya kampani tinatulukamo chaka chomwecho, tinakakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, mmene amayi anandilerera ndi nsomba mpaka ndinamaliza sukulu.

Zaka zambiri amalume sindinkawayankhula. Ndinkauza aliyense kuti anagulitsa atate anga gong'a, kuti ku Lusaka wina anachotsa liwu lathu m'tepi n'kuikamo lake. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa mwana amafuna pakhale wakuba. Tsopano ndapitirira msinkhu umene atate anali nawo chilimwe chimenecho, ndipo ndikudziwa kuti tepiyo inali yabwino, amalume sananame ngakhale pamodzi. M'nyimbomo simunali liwu la kwathu chiyambire. Analiikamo ndi atate, ndi makutu awo, ndipo anali iwo okha amene ankadziuza m'mawa uliwonse kuti limba, n'kutidyetsa nalo miyezi yonse ija. Kungoti sakanalilandira kuchokera pakamwa pawo, kapena pa chala cha mwana wawo. Linkayenera kuchokera kutsidya kwa nyanja, kwa wachibale amene anaona zoopsa kuposa zawo n'kupulumuka. Amayi, amene sukulu analekera panjira, anazidziwa zimenezi kalekale n'kuzisunga ngati dzira.

Chaka chatha chimbale chija anachitsukanso kachiwiri, ndipo mnyamata wina wa kuntchito kwathu, wokonda rege, anandifunsa ngati n'choyenera kutayirapo ndalama. Ndinamuuza kuti agule, ntchito anaigwira bwino, amva chilichonse chimene munthuyo anaimba. Inenso ndili nacho, ndimachimvera ndikamasita. Ndikafika pa nyimbo yomaliza ndimazimitsa ng'oma zisanakhale chete.